Kupima kalombo ka zilonda za m'mimba popanda kulowetsa paipi

Acinyamata ambili m'mipingo yathu amadandaula za "maulcer". Wina amati n'cifukwa codumpha cakudya ca masana ku koleji, wina amanamizila mpilipili kapena nkhawa za mayeso. Zimenezi zingakulitse ululu, koma nthawi zambili gwelo la zilonda za m'mimba ndi kalombo kochedwa Helicobacter pylori, mwacidule H. pylori.

Kalomboka anakatulukila mu 1982 ndi madokotala aŵili a ku Perth m'dziko la Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren. Anzawo sanakhulupilile kuti mabakiteliya angakhale m'mimba mmene muli asidi wambili, mpaka mu 1984 Marshall anamwa dala madzi okhala ndi tulomboto ndipo anadwala. Mu 2005 aŵiliwa analandila mphoto ya Nobel. Mu 1994 bungwe lofufuza za khansa la World Health Organization linaika kalomboka pagulu la zinthu zoyambitsa khansa.

Munthu amakatenga kaŵilikaŵili akali mwana, kudzela m'kamwa: madzi osatetezeka, manja osasamba bwino, kukhala mothithikana panyumba. Ambili amene ali nako sadwala konse. Ena amamva cilungulila, kutentha pacifu pamene ali ndi njala kapena usiku, kugeya pafupipafupi ndi mselu. Oŵelengeka amadzadwala khansa ya m'mimba patapita zaka zambili. N'cifukwa cake kukapeza munthu akali wacinyamata kuli ndi phindu: kumacotsedwa cifu cisanawonongeke. Ku Japan, cigawo ca Saga cinayamba mu 2016 kupima ana a sukulu za sekondale pa cifukwa comweci.

Ambili amaopa cipatala poganiza kuti adzawameza paipi ya kamela. Kwa wacinyamata amene alibe zizindikilo zoopsa, pali njila zitatu zosafuna paipi.

Yoyamba ndi ya cimbudzi. Mumapeleka cimbudzi pang'ono m'kabotolo, ndipo a labu amafufuzamo zizindikilo za kalomboko. Ikaonetsa kuti kalipo, ndiye kuti kalipo lelo lino. Tidziŵa kuti ena amacita manyazi kunyamula kabotoloko, koma ogwila nchito m'labu amaona zotele tsiku lililonse.

Yaciŵili ndi ya mpweya. Kalomboka kamadziteteza ku asidi mwa kuphwanya mankhwala ochedwa urea. Conco amakupatsani urea wokonzedwa mwapadela kuti mumwe, ndipo pakapita mphindi 10 mpaka 30 mumauzila m'kathumba. Ngati kalombo kalipo, makina amaona zotsalila za urea uja mu mpweya wanu. Njilayi ni yodalilika kwambili, kungoti imafuna makina ake.

Yacitatu ni ya magazi, ndipo apa pafunika kusamala. Magazi amangoonetsa kuti thupi linakumanapo ndi kalomboka. Zotsatila zingakhalebe "positive" kwa nthawi yaitali ngakhale munthu atacila. Conco musalipile kupimitsa magazi pofuna kudziŵa ngati mankhwala anagwila nchito. Ndalamazo zingopita pacabe.

Cimene cimasokoneza kwambili zotsatila ni mankhwala ogula tokha. Omeprazole amafooketsa kalomboka mwakuti kupima cimbudzi kapena mpweya kungaonetse kuti mulibe pamene kalimo. Afunika kulekedwa milungu 2 musanapimitse, ndipo maantibayotiki milungu 4. Muuzeni dokotala zonse zimene mwakhala mukumwa, kuphatikizapo Brufen, diclofenac ndi asipilini, pakuti amenewa paokha amayambitsanso zilonda.

Kalombo kakapezeka, cithandizo cimakhala ca masiku 10 mpaka 14: maantibayotiki aŵili kapena kuposelapo, monga amoxicillin, clarithromycin kapena metronidazole, pamodzi ndi mankhwala ocepetsa asidi. Mapilisi ni ambili ndipo ena amasiya kuŵaŵa m'kamwa. Ululu ukaleka pa tsiku lacinayi, ambili amataya otsalawo, ndipo apa m'pamene kalombo kotsalako kamalimba n'kuleka kumva mankhwala. Tsilizani onse. Womwa metronidazole, amene ambili timamucha Flagyl, asalawe moŵa. Pakapita milungu 4 kapena kuposelapo mutatsiliza, pimitsaninso cimbudzi kapena mpweya kuti mutsimikize kuti kanatha.

Sitikunena kuti wacinyamata aliyense athamangile kukapimitsa. Amene afunika kukambilana ndi dokotala ni uja wovutika m'mimba kwa milungu ingapo, uja anapezekapo ndi cilonda, ndi uja amene kholo kapena m'bale wake wa bele limodzi anadwala khansa ya m'mimba.

Koma pali zizindikilo zimene sizifuna kuyembekezela kabotolo kapena kathumba: kusanza magazi, cimbudzi cakuda bii ngati phula, kuonda popanda cifukwa, kuvutika kumeza, kusanza kosalekeza, ndi kucepa magazi. Woona zimenezi apite kucipatala mwamsanga, ngakhale ali ndi zaka 22. Pamenepo paipi ya kamela ija imafunikadi, ndipo a kiliniki angamutumize ku cipatala cacikulu monga UTH ku Lusaka.