Mbiri ya ntchito yoletsa kudontha kwa mafuta m'masilinda a mathirakitala

Makina a haidiroliki, kutanthauza makina oyendetsedwa ndi madzi kapena mafuta opanikizidwa m'mapayipi, amatsamira pa mfundo imene Blaise Pascal wa ku France anaifotokoza m'buku lake limene linatuluka mu 1663, iye atamwalira kale, yakuti madzi otsekeredwa akapanikizidwa mbali imodzi mphamvuyo imafalikira mofanana kumbali zonse. Panapita zaka zoposa 130 mfundoyi isanasanduke makina odalirika, ndipo chimodzi mwa zopinga zazikulu chinali chakuti madzi ankatuluka pampata wa pakati pa chitsulo choyenda ndi chitsulo chosayenda. Silinda ndi payipi yokhuthala yachitsulo imene m'kati mwake mumayenda pisitoni yolumikizidwa ku ndodo yotulukira kunja, motero mpatawo sungathetsedwe, ungathe kutsekedwa chabe ndi chinthu chofewa chimene chimaperepeseka pakapita nthawi. Ntchito ya makaniko wa masilinda inabadwira pampata umenewu.

Mu 1795 Joseph Bramah, mmisiri wa maloko wa ku London, analandira chiphaso chaumwini cha makina opanikizira zinthu ndi madzi. Olemba mbiri ambiri amati amene anagonjetsa vuto la kudontha anali wantchito wake wachinyamata, Henry Maudslay, yemwe anaumba mphete yachikopa yokhala ndi ngalande m'kati mwake n'kuiika moyang'anizana ndi madzi. Madzi akalowa m'ngalandemo ankatambasula milomo iwiri ya chikopacho, umodzi n'kukanikiza khoma, wina n'kukanikiza chitsulo choyendacho, kotero kuti mphamvu ya madzi ikamakula mphetenso inkatseka molimba. Nzeru imeneyi ndi yoyenera kuisirira, pakuti mphamvu imene inkachititsa kudontha ndi yomweyo imene anaipatsa ntchito yokuletsa, ndipo mphete zambiri zotsekera mafuta za lero, zimene amakaniko amazitcha seal, zikuumbidwabe motero ngakhale kuti sizilinso zachikopa.

M'zaka zonse za m'ma 1800 makinawa ankayendera madzi. William Armstrong anaimika chokwezera katundu choyendera madzi padoko la Newcastle upon Tyne mu 1846, ndipo kampani ya London Hydraulic Power Company, imene inakhazikitsidwa mu 1883, inkatumiza madzi opanikizidwa m'mapayipi apansi pa misewu mpaka mu 1977. Mmisiri wa nthawi imeneyo ankadzipangira yekha zotsekera: ankasankha chikopa chofufuta bwino, kuchinyika kuti chifewe, kuchipanikiza m'chikombole n'kudula milomo yake ndi mpeni, kapena ankakulunga chingwe chopaka mafuta a nyama mozungulira ndodo n'kumamanga nati pang'onopang'ono madzi akayamba kutuluka. Kudontha pang'ono kunkavomerezeka.

Kusintha kwakukulu kunadza m'zaka zoyambirira za m'ma 1900 pamene mafuta a makina analowa m'malo mwa madzi, popeza mafuta sachititsa dzimbiri, amafewetsa zitsulo zokhulana ndipo saundana msanga m'nyengo yachisanu. Koma mafutawo amatupitsa ndi kuvunditsa labala wochokera kumitengo, choncho panafunika zipangizo zatsopano, ndipo zinapezeka motsatizana m'zaka za m'ma 1930. Ku Germany akatswiri a kampani ya IG Farben anapanga labala wa nitrile, amene amapirira mafuta, ndipo mu 1937 Otto Bayer ndi anzake anapanga polyurethane, amene lero ndi wofala pa seal za pandodo chifukwa sang'ambika msanga. Ku America, Roy Plunkett wa ku DuPont anatulukira PTFE, pulasitiki yoterera kwambiri, mu 1938, ndipo mu 1939 Niels Christensen, wobadwira ku Denmark, analandira chiphaso cha O-ring, mphete yobulungira ya labala yokhala m'ngalande yosemedwa pachitsulo, imene inafala kwambiri m'ndege za nkhondo yachiwiri yapadziko lonse.

Paulimi haidiroliki inatchuka ndi Harry Ferguson wa ku Northern Ireland, amene njira yake yokwezera pulawo inagwiritsidwa ntchito pa Ford 9N ya 1939 ndi pa Ferguson TE20 imene inayamba kupangidwa ku Coventry mu 1946. Silinda ya mathirakitala amenewa inali yobisika m'kati mwa thupi la thirakitala ndipo pisitoni yake inali ndi mphete zachitsulo ngati za mu injini, motero mafuta odutsa ankangogwera m'mafuta anzake ndipo fumbi silinkafikako. Zinthu zinasintha pamene makampani anayamba kumangirira kutsogolo kwa thirakitala mikono iwiri yonyamula chidebe chofosholera, chipangizo chotchedwa loader, monga chimene Joseph Cyril Bamford wa kampani ya JCB anayamba kupanga ku England chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Apa silinda inatulukira panja, pamene pali fumbi, ndowe, mvula ndi miyala yogwa m'chidebe, ndipo ndodo yake, ngakhale inakutidwa ndi chromium wolimba, inayamba kukandika. Mathirakitala ang'onoang'ono a dizilo a ku Japan, monga a kampani ya Kubota, imene inatulutsa thirakitala yake yoyamba mu 1960 n'kuyamba kugulitsa ku America mu 1969, anafikitsa chipangizochi kwa alimi a minda yaing'ono, amene ambiri mwa iwo amadzikonzera okha makina.

Luso la ntchitoyi linasamuka kuchoka pa kuumba chikopa kupita pa kuzindikira gwero la vuto, popeza seal zonse za silinda imodzi zimagulidwa lero m'paketi imodzi. Kudontha kulipo kwa mitundu iwiri. Kwakunja kumaoneka ndi maso, mafuta akamanyowetsa ndodo pa gland, chimene ndi chotsekera cha kumapeto kwa silinda chokhala ndi seal ya pandodo ndi mphete ina yopukuta fumbi. Kwam'kati sikuoneka: mafuta amadutsa pa pisitoni kupita mbali inayo, mphamvu imachepa ndipo chidebe chimapendekeka chokha. Komabe mikono ikamatsika yokha vuto lingakhale mu valavu yowongolera mafuta, ndipo makaniko wanzeru amayamba wayesa asanamasule silinda yosalakwa.

Mphamvu imene akulimbana nayo si yaing'ono. Mafuta opanikizidwa kufika pa 170 bar, muyeso wofala pa mathirakitala otere, amakankha pisitoni ya mamilimita 50 m'lifupi ndi mphamvu yoposa matani 3, ndipo akamatuluka pa kabowo kakang'ono angathe kuboola khungu n'kuwononga minofu mpaka chala kudulidwa. N'chifukwa chake malangizo a opanga makina amati chidebe chitsitsidwe pansi, injini izimitsidwe, ndodo yowongolera valavu igwedezedwe mbali zonse kuti mphamvu yotsalira ithe, ndiponso kuti podontha pafufuzidwe ndi chidutswa cha katoni osati ndi dzanja.

Akachotsa gland, imene pa masilinda ena imakhala ndi mazinga pomwe pa ena imagwiridwa ndi mphete yachitsulo, makaniko amasolola ndodo, kumasula nati yolimba ya pa pisitoni, n'kuyendetsa chikhadabo pa ndodo yonse. Chikhadabo chikakodwa pa chipsera, seal yatsopano idzadulidwanso pomwepo m'masiku ochepa, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti masilinda ambiri abwino amatayidwa chifukwa chakuti eni ake anasintha seal kangapo osayang'ana ndodo. Chipsera chaching'ono chimasalazidwa ndi sandipepa wosalala kwambiri, pomwe ndodo yopindika kapena yodyedwa ndi dzimbiri imasinthidwa kapena kukutidwanso ndi chromium. Seal yatsopano imapakidwa mafuta, imatetezedwa ku mazinga akuthwa poilowetsa, ndipo milomo yake imayang'ana kumene kukuchokera mafuta, chifukwa ikatembenuzidwa imadontha nthawi yomweyo. Silinda ikabwezeretsedwa, mikono imakwezedwa ndi kutsitsidwa kangapo yopanda katundu kuti mpweya utuluke, kenako mafuta a m'thirakitala amayesedwa ndi kuwonjezeredwa.