Khonde lofulatira msewu

Ku America ndi ku Canada, nyengo yozizira ikatha, eni nyumba ambiri amatulukira khomo la kuseri n'kuponda matabwa a khonde lawo kuti amve ngati akunyenya. Funso limakhala lomwelo chaka ndi chaka: tizule matabwa owola okha n'kukhomapo ena, kapena tiphwasule zonse tiyambirenso? Kumva koyamba, ndi nkhani ya m'thumba, ya kalipentala ndi mwini nyumba. Ine ndimaiona ngati nkhani ya mbiri, chifukwa yankho lake limadalira kwambiri chaka chimene khondelo linamangidwa, mtengo umene unali pamsika chaka chimenecho, ndi malamulo amene panthawiyo anali asanalembedwe.

Ndiyambe ndi dzina, poti ntchito yanga ndi yomasulira. Eni ake amalitcha deck, liwu lomwelo la pamwamba pa sitima ya pamadzi. Amene anakwerapo Ilala akudziwa paja anthu amagona pamtetete akuwombedwa mphepo ya panyanja. Ndi nsanja ya matabwa yoima pa nsanamira, yopanda denga, yolumikizidwa ku khoma la kuseri kwa nyumba. Ndikulitcha khonde chifukwa ndilibe liwu lina loyandikira, koma liwuli likunama pang'ono. Khonde lathu limayang'ana kunjira, wodutsa amapereka moni, mlendo amaodira pomwepo. Ili ndi lofulatira msewu.

America nayo inali ndi makonde oyang'ana kunjira. Kuyambira m'zaka za m'ma 1800 mpaka cha m'ma 1920, nyumba yabwino inkakhala ndi khonde lalikulu kumaso, pomwe banja linkathawira kutentha kwa m'nyumba madzulo. Kenako galimoto zinadzaza msewu ndi phokoso ndi utsi, wailesi ya kanema inaitanira anthu m'kati, ndipo makina oziziritsa m'nyumba anachotsa chifukwa chotulukira panja. Nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itatha, kampani ya Levitt inamanga nyumba zoposa 17,000 ku Levittown, pa Long Island, pakati pa 1947 ndi 1951. M'nyumba zake za mu 1949 khitchini inali kumaso, pamene balaza linali kumbuyo, ndi zenera lalikulu loyang'ana m'munda. Nyumba inatembenuka. Mu 1952 George Stephen anapanga mbaula yozungulira yowotchera nyama ya Weber, ndipo banja linapeza chochita kuseriko.

Nsanja yeniyeniyo inatchuka kuchokera ku California, kumene nyumba zambiri zili pa zitunda ndipo malo athyathyathya okhalapo panja amachita kupangidwa. Wojambula minda Thomas Church, amene analemba buku la Gardens Are for People mu 1955, ndi mmodzi wa anthu amene anaifalitsa. Mtengo wake unali redwood, umene mtima wake suwola msanga ngakhale osaupaka kanthu. Koma mitengo ikuluikulu yakale ya mtunduwu inadulidwa mpaka kutsala pafupifupi isanu pa 100 iliyonse, ndipo boma litakhazikitsa Redwood National Park mu 1968 n'kuikulitsa mu 1978, thabwa labwino la redwood linasiya kukhala la aliyense.

Chimene chinapangitsa khonde lotere kukhala la munthu wamba chinachokera ku India. Mu 1933 injiniya wina, Sonti Kamesam, wa pa malo ofufuza za nkhalango ku Dehra Dun, anapeza mankhwala osakaniza kopa, chromium ndi arsenic, amene lero amadziwika kuti CCA. Matabwa amalowetsedwa mu thanki yachitsulo, mpweya umayamwidwa, kenako mankhwala amakankhidwira m'kati mwa mtengo mwamphamvu. Kopa amapha chuku chimene chimawoletsa mtengo, arsenic amapha chiswe ndi tizilombo tofumbwitsa, ndipo chromium amamatirira zonsezi ku mtengowo kuti mvula isazikokolole msanga. Thabwa limatuluka lobiriwira pang'ono. Paini wotsika mtengo wa kummwera kwa America, amene payekha sangapirire zaka zambiri pamvula, anayamba kukhala zaka makumi. Kuyambira m'ma 1970 munthu aliyense wokhala ndi macheka, hamala ndi masiku awiri a kumapeto kwa sabata ankatha kudzimangira khonde, ndipo ambiri anamangadi, ena osapempha n'komwe chilolezo.

Apa m'pamene pali fupa la nkhaniyi. Khonde lotere lili ndi zigawo ziwiri: matabwa opondapo, amene aliyense amawaona, ndi chimango cha pansi, nsanamira ndi mitanda, chimene palibe amachiyang'ana. Pa chimango chonsecho, chofunika koposa ndi thabwa limodzi lokhomedwa chopingasa ku khoma la nyumba, pomwe mitanda yonse imatsamira. Amisiri ambiri a nthawi imeneyo ankalikhoma ndi misomali wamba, osaikanso kachitsulo kotchinga madzi pamwamba pake. Mvula imalowa pampata wa thabwa ndi khoma, n'kuwoletsa mtengo wa nyumba umene misomali yagwirako. Mtengo wa nyumbawo ulibe mankhwala. Tsiku lina misomali imasolokoka yonse pamodzi, ndipo khonde limatsetsereka kuchoka ku khoma osachenjeza. Kawirikawiri tsikulo limakhala la phwando, chifukwa m'pamene pamakhala anthu ambiri.

Pa 29 June 2003, ku Lincoln Park mu mzinda wa Chicago, khonde la matabwa la kuseri kwa nyumba yosanja linagwa usiku anthu ali pa phwando, n'kugwetsa la pansi pake. Anthu 13 anafa, ndipo oposa 50 anavulala. Ofufuza anapeza kuti linali lalikulu kuposa mmene malamulo a mzindawo amalolera, matabwa ake anali ochepa mphamvu, ndipo masikuluwu olumikizira ku khoma anali aafupi. Malamulo omangira nyumba amene zigawo zambiri za America zimatsata anadzafotokoza mwatsatanetsatane za kukula ndi kutalikirana kwa mabawuti a thabwa la ku khoma lija mu 2009. Makonde ambiri akale kuposa apo anamangidwa malinga ndi nzeru ndi chikumbumtima cha amene anagwira hamala.

Chaka chomwecho cha 2003 chinatsekanso nyengo ya CCA. Nkhawa inakula yakuti arsenic amatsalira m'manja mwa ana osewera pa matabwa ndiponso m'dothi la pansi pake. Mu February 2002 bungwe la boma loona za chilengedwe, EPA, linalengeza kuti makampani avomera kusiya kugwiritsa ntchito mankhwalawa pa matabwa a pakhomo pofika pa 31 December 2003. Bungweli silinauze anthu kuti aphwasule makonde amene analipo kale. Mankhwala olowa m'malo, monga ACQ, alibe arsenic koma ali ndi kopa wochuluka, ndipo kopayo akanyowa amadya chitsulo. Misomali ndi zitsulo zogwirira mitanda zimene zinkakhalitsa mu thabwa lakale zinayamba kuchita dzimbiri msanga mu thabwa latsopano, pokhapokha ngati zili zoviikidwa mu zinc wokhuthala kapena za chitsulo chosachita dzimbiri. Choncho khonde la mu 2005 likhoza kukhala lowopsa kuposa la mu 1985, ngati mmisiri anagula matabwa atsopano n'kuwakhoma ndi misomali ya m'bokosi lakale.

N'chifukwa chake ndimakayikira aliyense woyankha funso lija poyang'ana pamwamba. Thabwa lopondapo likang'aluka kapena kuchita imvi, imeneyo ndi ntchito ya masana amodzi. Woweruza bwino amakwawira pansi ndi tochi, n'kubaya nsonga yachitsulo m'munsi mwa nsanamira, m'nsonga za mitanda ndi m'mbali mwa thabwa la ku khoma. Chuku chowoletsa mtengo sichikula ngati chinyezi cha m'thabwa chili pansi pa 20 peresenti, ndiye pomwe nsonga yalowa ngati mu mbatata yophika pakhala pakuima madzi kwa nthawi yaitali. Chimango chikakhala cholimba, ine ndili kumbali ya okonza: mabawuti m'malo mwa misomali, chotchinga madzi, matabwa atsopano pamwamba. Chikakhala chofewa m'malo angapo, kuphwasula n'kotsika mtengo kuposa maliro.

Njira imene ndimaiopa ndi ya pakati. Kuyambira m'ma 1990 kwabwera matabwa osakaniza pulasitiki ndi utuchi, monga a Trex, amene sawola komanso safuna penti. Anthu amawayala pa chimango cha zaka makumi atatu, khonde n'kuoneka ngati la dzulo. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo kubisika kwa chimango kumapha ngakhale pa nyumba yatsopano. Pa 16 June 2015, ku Berkeley, kakhonde ka m'mwamba pa nyumba yomalizidwa mu 2007 kanathyoka pa phwando la tsiku lobadwa. Achinyamata 13 anagwa, asanu ndi mmodzi anafa, ambiri mwa iwo ophunzira ochokera ku Ireland. Mitanda yake inali yokutidwa mbali zonse, madzi analowa osatulukanso, ndipo inawola m'zaka zisanu ndi zitatu zokha. Mu 2018 California inakhazikitsa lamulo lakuti makonde a m'mwamba pa nyumba za lendi za mabanja atatu kapena kuposa aziyenderedwa ndi katswiri.

Wosankha kuphwasula amatsala ndi mulu wa matabwa obiriwira aja, ndipo apa nkhani imafika kwathu, chifukwa ku South Africa ndi mayiko oyandikana nayo CCA akugwirabe ntchito pa mapolo a mpanda ndi matabwa omangira. Thabwa lotere likawotchedwa, arsenic wina amapita mu utsi, wotsala amaunjikana mu phulusa. Ku America mulu uja umapita ku dzala la boma kukakwiriridwa. Kuno zidutswa za pamalo omanga zimatoledwa madzulo, n'kukathera pansi pa mphika wa nsima kapena pa chiwaya cha tchipisi.