Chiyambi cha Nyumba ya Sayansi Yophunzira Posewera

M'chaka cha 1969, katswiri wa sayansi Frank Oppenheimer anatsegula Exploratorium mumzinda wa San Francisco, nyumba yoonetseramo zasayansi imene inasiyana ndi zinzake polola ana kugwira, kupukusa ndi kuseweretsa zida zonse. Maganizowa anayambira ku Pagosa Springs m'chigawo cha Colorado, kumene ankaphunzitsa kusekondale atataya ntchito yakuyunivesite pa zifukwa zandale. M'nyumbamo munalibe mayeso, choncho mwana amene ankalephera m'kalasi ankatha kuima nthawi yaitali pa prizimu, galasi logawa kuwala m'mitundu ya utawaleza, mpaka atamvetsa yekha. Ofotokozera alendo anali achinyamata akusekondale, ndipo ngakhale malo opangirapo zidazo, amene nyumba zina zimabisa, anasiyidwa poyera kuti ana aziona amisiri akucheka ndi kukhoma.