Zizindikiro za pa Volovolo ya Webley

M'chaka cha 1887 boma la ku Mangalande linasankha mfuti yaing'ono ya m'manja yoti asilikali ake azinyamula. Mfutiyo, imene anthu amaitcha volovolo, inkasulidwa mumzinda wa Birmingham ndi kampani ya Webley. Inali ndi kankhokwe kozungulira kolowa zipolopolo zisanu ndi chimodzi, ndipo munthu akaithyola pakati, makoko a zipolopolo zoombedwa kale ankatuluka onse nthawi imodzi.

Osula anaikonzanso kangapo. Mtundu wotchedwa Mark IV unatuluka mu 1899, chaka chimene inayamba nkhondo ya Angerezi ndi Mabunu, ndipo Mark VI inatuluka mu 1915, mkati mwa Nkhondo Yaikulu Yoyamba. Kusiyana kwake kuli pa chigwiriro: mitundu yoyamba chigwiriro chake n'chopindika ngati mutu wa mbalame, pamene cha Mark VI n'chamakona.

Pali anthu amene amasonkhanitsa mfuti zakalezi, ndipo wodziwa sakhulupirira mawu a wogulitsa asanawerenge zolembedwa pachitsulo. Choyamba amafuna kamuvi kooneka ngati phazi la nkhuku, kamene boma linkadinda pa katundu wake. Akapeza timivi tiwiri toyang'anizana, amadziwa kuti boma linaigulitsa mwachilolezo, sinabedwe ayi. Kenaka amayang'ana nambala, pakuti imene ili pathupi la mfuti iyenera kufanana ndi ya pampope ndi ya pakankhokwe. Zikasiyana ndiye kuti wina anaphatikiza ziwalo za mfuti ziwiri. Tsono munthu wopala dzimbiri mwamphamvu kuti mfuti iwale amafafaniza umboni wonsewu, nayesa kuti wachita bwino.

Koma chinthu choipa koposa chinachitika itatha Nkhondo Yaikulu Yachiwiri. Mfuti zambiri zinagulitsidwa ku America, kumene zipolopolo zake za .455 zinali zosowa. Amalonda anasenga kumbuyo kwa kankhokwe kuja kuti kazilowa zipolopolo za kumeneko za .45 ACP. Zipolopolo zimenezi n'zamphamvu kopambana zimene Webley inapangidwira, motero zina mwa mfutizo zaphulikira eni ake m'manja. Yosengedwa imadziwika msanga: manambala a m'mphepete mwa kankhokwe amakhala odukaduka, ndipo pakati pa kankhokwe ndi thupi pamatsala mpata waukulu. Mtengo wake umatsika kwambiri, ndipo odziwa salola kuiomba ndi zipolopolo za ku America zija.