Luso lopanga zinthu kuchokera ku pulasitiki wa m'nyanja

Luso limeneli ndi ntchito yotola majumbo, mabotolo, mapatapata ndi zidutswa za maukonde zimene mafunde amakankhira kumtunda, n'kuzisandutsa zosema, zithunzi, zikwama kapena zidole. Cholinga chake chili pawiri: kuchotsa zinyalala m'mphepete mwa madzi, komanso kuonetsa anthu kuchuluka kwa zimene amataya.

Gwero la zinyalala ku Nkhotakota

Mitsinje ya Bua, Kaombe ndi Dwangwa imathira madzi m'nyanja ya Malawi m'boma la Nkhotakota, ndipo m'nyengo ya dzinja imakokolola zinyalala kuchokera kumtunda. Zina zimachokera m'madooko momwe asodzi ndi ogula nsomba amasonkhana. Mphepo ya mwera ikamakuntha m'miyezi yozizira, zambiri mwa zinyalalazi zimabwerera pamchenga.

Pulasitiki saola ngati masamba. Amangophwanyika kukhala tizidutswa tomwe nsomba zimatha kumeza, pomwe ukonde wa nayiloni wotayika umapitiriza kukola nsomba popanda wokazivuula. Izi n'zoopsa panyanja yomwe ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi, kuphatikizapo mpasa womwe umakwera mtsinje wa Bua kukaswana.

Mmene ntchitoyi imagwiridwira

Mmisiri amayamba wasankha zotolazo potengera mtundu ndi maonekedwe ake, kenako amazitsuka ndi sopo n'kuziyanika. Mapatapata amamatidwa ndi guluu mpaka kukhala chibuma chamitundumitundu, chomwe amachisema ndi mpeni n'kuchisalaza. Majumbo amadulidwa m'tizingwe n'kulukidwa kukhala zikwama ndi mikeka. Zitsekerero za mabotolo zimandandalikidwa pathabwa kuti zipange chithunzi. Chofunika kupewa ndi kuwotcha pulasitiki pamoto, chifukwa utsi wake ndi wapoizoni.

Kwa Amalawi nzeru imeneyi si yachilendo. Mpira wachikulunga, womwe ana amakulunga ndi majumbo n'kumanga ndi zingwe, ndi chitsanzo chake chodziwika m'mudzi uliwonse. Msika wa zaluso nawo ulipo kale m'mphepete mwa nyanja, pomwe malo ngati Nkhotakota Pottery amagulitsa zoumba kwa alendo.

Kumene lusoli lakula

Ku Kenya, Ocean Sole imasema nyama monga njovu ndi akadyansonga kuchokera ku mapatapata otoledwa m'magombe ndi m'mitsinje. Ganizoli lidabwera Julie Church ataona ana akupanga zidole ndi mapatapata pachilumba cha Kiwayu. M'dziko lomwelo, amisiri a ku Lamu adakhoma bwato lotchedwa Flipflopi ndi pulasitiki wobwezeretsedwa, n'kulikuta ndi mapatapata pafupifupi 30,000. Bwatoli lidayenda kuchoka ku Lamu kukafika ku Zanzibar mu 2019, ndipo mu 2021 lidayenda panyanja ya Victoria, yomwe ndi ya madzi opanda mchere ngati ya Malawi. Ku South Africa, Mbongeni Buthelezi amadziwika ndi zithunzi zomwe amajambula posungunula pulasitiki ndi chipangizo chouzira mpweya wotentha.

Malire a lusoli

Ngakhale amisiri atachuluka bwanji, sangamalize pulasitiki yense. Chiwerengero chomwe chidafalitsidwa mu 2019 chidasonyeza kuti dziko la Malawi limapanga matani 75,000 a pulasitiki pachaka, ndipo magawo 80 mwa magawo 100 aliwonse ndi wogwiritsa ntchito kamodzi kokha. Chosema chimodzi chimatenga gawo lochepa kwambiri la zimenezi, ndipo nacho chikatha chimasanduka chinyalala.

N'chifukwa chake lusoli limayenera kuyendera limodzi ndi lamulo. Mu 2015 boma lidaletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60. Makampani opanga mapulasitiki adakamang'ala kukhoti, koma mu July 2019 khoti lalikulu la apilo lidagamula kuti chiletsocho chipitirire. Gloria Majiga-Kamoto, mmodzi mwa omwe adalimbikira nkhondoyi, adalandira mphoto ya Goldman Environmental Prize mu 2021.

Phindu lenileni la lusoli lagona pa uthenga wake. Chambo chosemedwa ndi mapatapata otoledwa pagombe la Nkhotakota chimauza wochiona komwe zinyalala zake zimathera, kwinaku mmisiri akupezapo kangachepe kogulira ufa.