Zipangizo zaulimi zotsika mtengo: mbiri yake ndi kufunika kwake kwa alimi a ku Chembe

Ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ndi njira imene boma limalipirira gawo lalikulu la mtengo wa feteleza ndi mbewu, kuti mlimi wosauka azilipira gawo lochepa lotsalalo. Ndalamazo sizipita m'manja mwa mlimi, koma kwa ogulitsa zipangizozo.

Thandizoli lidayamba ndi Starter Pack m'chaka cha 1998, mu ulamuliro wa Bakili Muluzi, pamene mabanja ankalandira timapaketi taulere ta feteleza ndi mbewu. Njala ya m'chaka cha 2005, imene idakhudza anthu oposa 4 miliyoni, idachititsa boma la Bingu wa Mutharika kuyambitsa makuponi, ndondomeko imene idatchuka ndi dzina loti FISP. Mlimi ankalandira makuponi awiri, ya thumba la makilogalamu 50 la feteleza wokulitsa wa 23:21:0+4S ndi ya thumba la Urea wobereketsa, ndipo ankakagula ku misika ya ADMARC kapena SFFRFM pa mtengo wa K950. Mtengowu udatsika kufika pa K500 m'chaka cha 2009.

Mvula itagwanso bwino, zokolola zidachuluka kotero kuti m'chaka cha 2007 Malawi idagulitsa chimanga ku Zimbabwe.

M'chaka cha 2020 boma la Lazarus Chakwera lidasintha ndondomekoyi kukhala AIP. Makuponi adatha, alimi adayamba kugulira chiphaso chaunzika, ndipo thumba limodzi lidali pa K4,495. Pofika 2022 mtengowo udali K15,000, feteleza atakwera pa misika ya kunja.

Kwa anthu a m'mudzi wa Chembe ku Cape Maclear, m'dera la Mfumu Yaikulu Nankumba m'boma la Mangochi, nkhaniyi ndi yaikulu chifukwa cha malo. Mudziwu udazunguliridwa ndi nyanja komanso mapiri a Lake Malawi National Park, malo otetezedwa amene adakhazikitsidwa m'chaka cha 1980, choncho minda siingakuzidwe. Ambiri amadalira usodzi wa usipa ndi utaka kuti agule chimanga, koma nsomba zikasowa, banja limayang'ana kamunda kake ka mchenga. Pa kamunda kotere, chokolola chimachuluka pokhapokha nthaka itadyetsedwa.

Mavuto amene akhala akuoneka m'dziko muno ndi monga kuchedwa kwa feteleza, maina abodza m'kaundula, ndi mavenda ogula makuponi kwa alimi ovutika. Kuchedwa kumapweteka kwambiri chifukwa feteleza wokulitsa amayenera kuthiridwa chimanga chikangomera. Akafika mu Januwale, phindu lake limakhala litachepa kale.

N'chifukwa chake udindo waukulu uli m'manja mwa alangizi a zaulimi, mafumu ndi ofesi ya zaulimi ya boma la Mangochi, imene ili pansi pa Machinga ADD: kulemba maina poyera pamaso pa anthu a m'mudzi, ndi kuonetsetsa kuti zipangizo zafika mvula yoyamba isanagwe.