Diwali

Diwali ndi chikondwerero cha nyali cha Amwenye achihindu, chochitika mwezi uli mumdima, mu Okutobala kapena Novembala. Amakumbukira kubwerera kwa mulungu wawo Rama ku mzinda wa Ayodhya ndipo amapembedza Lakshmi, mulungu wamkazi wa chuma. Usikuwo mabanja amayatsa tinyali tadothi pakhomo, kugawana zotsekemera ndi kuphulitsa makombola. Amalonda ochokera ku Gujarat, ku India, amatsegulanso mabuku atsopano a ndalama, poti mawa lake chaka chawo chimayamba.

Kuno ku Malawi, munthu wa ku Mponela wofuna kuonerera Diwali ayenera kutsika msewu wa M1 mpaka ku Lilongwe, kumene kuli kachisi wa Ahindu, poti m'zaka za m'ma 1970 boma la Kamuzu Banda linachotsa Amwenye m'timisika takumidzi n'kuwasonkhanitsa m'mizinda. Komatu Amwenye ambiri kuno ndi Asilamu. Chikondwerero chawo ndi Eid.